Mlendo wanga akufuna trout, ulendo watha tinabwerako chimanjamanja

Wa Land Cruiser (Kawale), Lolemba 19:42

Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo. Chaka chatha mu Okutobala ndinanyamula mdala wina wa ku Germany kupita naye ku Nyika, kumadamu a ku Chelinda, kuti akawedze rainbow trout ndi mbedza zomangira nthenga zija eni ake amati fly. Masiku awiri athunthu tinkakhala pa damu kuyambira 9 koloko mpaka cha m'ma 3, osagwira olo imodzi. Kawiri konse nsomba inalondola mbedza mpaka pafupi ndi mapazi athu, kenako nkutembenuka ngati yanunkhidwa. Mdalayo sanakalipe, koma pobwerera anangoti duu mpaka pa Jenda.

Tsopano akubweranso, atsikira ku Lumbadzi Lachinayi, mwezi womwewonso. Abwana anga akuti dizilo wavuta, ndingopita naye ku Kamuzu Dam ku Malingunde, akuti damu ndi damu basi. Ine mbalame ndi nyama ndimazidziwa, koma za mbedza ndinalekezera pa nyongolotsi ndi milamba ya mu Lingadzi ndili mwana. Ndithandizeni ndisakachite manyazi kawiri.

Mayi wa Maulendo (Area 47), 19:55

Achimwene, abwana anuwo akufuna akugwetseni m'mbuna. Ku Malingunde kulibe trout, ndipo sizingakhaleko. Lilongwe ali pa mtunda wa mamita 1,000 ndi pang'ono, madzi ake ndi ofunda. Nsomba imeneyi kwawo ndi kumitsinje yozizira ya kumadzulo kwa North America, kuno anabwera nayo ndi azungu a Chingelezi m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, ndipo inangokhazikika pamwamba pa mapiri: Zomba, Mulanje ndi Nyika. Mukamupititsa ku Malingunde munthu walipira za trout, ndalama mudzabweza ndipo dzina lanu ndi limene lidzade, osati la abwana.

Wa Minibasi ya Alendo, 20:03

Kkkkk amwene musavutike. Gulani usipa wouma mu msika wa ku Area 2, mdalayo akayang'ana kumbali mukolekepo kamodzi. Nsomba yokana usipa sinabadwe.

Mayi wa Maulendo (Area 47), 20:06

Zimenezo musayese. Ku Chelinda amalola fly yokha, ndipo muja ndi mu paki, osati kudimba kwa amalume anu. Akakupezani oyang'anira paki mudzatiyipitsira tonse.

Gogo wa Mbedza, 20:31

Mphwanga wa ku Kawale, ndiyankhe kaye mafunso atatu ndisanayankhule zambiri. Chingwe cha mdalayo chinali choyandama kapena chomira? Mbedza zake zinkakhala pamwamba pa madzi kapena zinkalowa pansi? Nanga kwawoko amawedza pa mtsinje kapena pa madzi odekha?

Wa Land Cruiser (Kawale), 20:40

Gogo, chingwe chinali chachikasu, choyandama. Mbedza zake zinali timanthenga topepuka tokhala pamwamba ngati udzudzu. Anandiuza kuti anaphunzira atapuma pa ntchito, pa kamtsinje ka kwawo. Pa damu kanali koyamba.

Gogo wa Mbedza, 21:18

Ndiye nkhani yaoneka. Mbedza sizinalakwe kwenikweni, munalakwa ndi nthawi ndi kuya kwake. Munkagogoda pa denga eni nyumba ali kuchipinda.

Pa mtsinje madzi ndi amene amabweretsera nsomba chakudya, iyo imangoima pamalo amodzi kudikira. Munthu wozolowera kumeneko amaponya pamwamba nkumayembekeza. Pa damu sizitero. Nsomba imayenda yokha kusaka chakudya, ndipo imayenda pa mlingo umene thupi lake likumva bwino. Trout imasangalala madzi akakhala pakati pa madigiri 10 ndi 16. Akadutsa 20 imayamba kufooka ndi kukana kudya, akafika cha m'ma 25 imafa. Chifukwa chake ndi mpweya: madzi akamafunda amasunga mpweya wochepa, pomwe nsombayi imafuna wambiri kuposa chambo kapena mlamba. Ndiye ganizanso kuti Chelinda ali pamwamba kudutsa mamita 2,000. Iwe wemwe ukakwera kachitunda kumeneko umapuma wefuwefu. M'madzinso ndi chimodzimodzi, mpweya wake ndi wochepa ndi kale poyerekeza ndi kunsi kuno.

Okutobala ndiye mwezi wotentha. Ngakhale ku Nyika kumazizira usiku, masana dzuwa limawotcha madzi a pamwamba pa timadamu tating'ono ngati timeneto. Inu munkafika 9 koloko mutamwa tiyi, nsomba zitatsika kale. Munkachoka 3 koloko zisanakwere.

Zikatsika zimapita malo awiri. Oyamba ndi pafupi ndi khoma la damu, pamene pali pakuya, motsata ngalande ya mtsinje wakale umene unatsekedwawo. Achiwiri ndi kumtunda kumene kamtsinje kamalowera, chifukwa madzi ake amabwera ozizira ndi mpweya watsopano. Ukafika, usathamangire kuponya. Ima pamtunda uone kumene chigwa chinkadutsa damu lisanamangidwe. Mzere umenewo ndiye msewu wa nsomba.

Gula kachipangizo kopimira kutentha, ngakhale ka m'sitolo ya ziwiya za kukhitchini, ukamangire pa chingwe. Pima m'mamawa, pimanso masana. Kakalozera kupitirira 20 pamwamba, pindani ndodo mupite mukaone mbidzi ndi nchefu. Nsomba yogwidwa m'madzi ofunda, ngakhale uibwezere, nthawi zambiri imakafera pansi.

Achimwene a ku Rumphi, 21:34

Gogo anena zoona, koma asaiwale mphepo. Ku Nyika kulibe chotchinga, ndi udzu okhaokha kupatula mapaini a pa Chelinda aja. Alendo ambiri amathawira mbali ya damu imene mphepo ikuchokera chifukwa kuponya nkosavuta. Koma tizilombo tonse togwera m'madzi, ziwala, nyerere zamapiko, timakankhidwira kutsidya kumene mafunde akumenya. Nsomba zimadziwa zimenezo. Ine ndimawaimika kumene mphepo ikuwawomba kumaso, aziponya pafupi basi.

Gogo wa Mbedza, 21:47

M'mamawa ndi madzulo ndikuvomera. Masana ayi. Mphepo yomweyo imakankhanso madzi ofunda a pamwamba nkukawaunjika kutsidya komweko. Mwezi wa Juni zilibe kanthu, koma mwezi uno mumuika mdalayo pa madzi otentha kuposa ena onse. Komanso wophunzira kumene kuponya moyang'anizana ndi mphepo ya ku Nyika, chingwe chidzamuzinga m'khosi.

Achimwene a ku Rumphi, 21:52

Pamenepo ndagonja theka. Koma m'bandakucha ndisatsutsidwe.

Wa Land Cruiser (Kawale), 22:05

Ndikulemba zonse. Vuto ndi lakuti ndamufunsa pa WhatsApp, akuti chingwe chomira alibe ndipo wapakira kale. Ndodo yake akuti ndi ya mafiti 9, nambala 5. Ndiye tikafika bwanji pansipo?

Gogo wa Mbedza, Lachiwiri 05:50

Ndodo imeneyo ndi yokwanira. Chingwe choyandamacho chigwira ntchito, mungotalikitsa kanayiloni koonda kakutsogolo kaja amati leader. Pa mtsinje amaika ka mamita osakwana 3. Inu kafikitseni mamita 4 kapena 5, kunsonga kukhale kolimba mapaundi 6. Kenako mbedza ikhale yolemera kuti izimira yokha.

Mufunse ngati m'kabokosi mwake muli mbedza yotchedwa Woolly Bugger, yakuda kapena yobiriwira, Mrs Simpson, kapena Walker's Killer. Yachiwiriyo inachokera ku New Zealand, yachitatuyo ku South Africa, ndipo zonse zimagwira pa madamu a kuno kumwera kwa Africa. Zimafanana ndi ana a tombolombo amene amakhala m'madzi asanamere mapiko, kapena mbululu. Chakudya chachikulu cha trout ya pa damu chili pansi pa madzi, osati pamwamba.

Ngati alibe, bwera kuno ku Chilinde Lachitatu tidzamange. Ubwere ndi mbedza za nambala 8 ndi 10, ulusi wakuda wolukira juzi, ndi kachidutswa ka kebulo yakale ya magetsi. Timasenda nkutenga kawaya kakopa kam'kati, timakulunga pa thupi la mbedza maulendo khumi ndi angapo kuti ilemere. Pamwamba pake ulusi. Kumchira timaika tinthenga tofewa ta pansi pa phiko la nkhuku yakuda, timene timavina tokha m'madzi, m'khosi nthenga imodzi ya nkhanga yamawangamawanga. Kadontho ka polishi wa zikhadabo pa mfundo, yatha. Siikhala yokongola ngati za m'sitolo za ku Johannesburg, koma ndagwiritsa ntchito zoterezi pa Zomba zaka zambiri.

Kawedzedwe kake ndi kowerenga. Akaponya asakoke. Awerenge mpaka 5, kenako akoke pang'onopang'ono, kuduladula ngati kanthu kamoyo. Aponye choncho kasanu. Popanda kanthu awerenge mpaka 10, kenako 15, 20, mpaka mbedza iyambe kubwera ndi ndere. Ikatero wafika pansi, achotsereko pang'ono. Nambala imene nsomba yagundira, akhale pomwepo, chifukwa zinzake zili pa mlingo womwewo. Iwe ntchito yako ndi kumuwerengera mokweza, chifukwa alendo amathamanga mtima.

Za nsomba zinkalondola nkubwerera zija: zinakuonani. Munavala chiyani?

Wa Land Cruiser (Kawale), 06:14

Ine malaya oyera a kampani. Ndinaimirira pambali pake penipeni, ukonde uli m'manja.

Gogo wa Mbedza, 06:20

Ndiye unali mbendera. Vala khaki, khala pansi, chithunzithunzi chako chisagwere m'madzi, ndipo usamayende mwa mdidi m'mphepete chifukwa nsomba imamva kugunda kwa nthaka ndi mzere wa m'nthiti mwake. Chinanso, mbedza ikatsala pang'ono kufika, asaizule msanga. Akweze ndodo pang'onopang'ono nkuimitsa kamphindi. Yolondola ija imaluma pamenepo, poganiza kuti chakudya chikuthawa.

Mayi wa Maulendo (Area 47), 07:02

Ine ndilowererepo pa za ndalama, poti abwana akulira dizilo. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Chelinda ndi makilomita opitirira 500, ndipo kuyambira ku Rumphi kudzera pa geti ya Thazima msewu wambiri ndi wafumbi. Ku Zomba ndi osakwana 300, ndipo kuli damu la Mulunguzi ndi la Chagwa. Bwanji osayesa kumeneko?

Achimwene a ku Rumphi, 07:15

Achemwali, madamu a ku Zomba ali mmunsi poyerekeza ndi Chelinda, ndiye mwezi uno amafunda msanga. Komanso munthuyo ali ndi ngongole ndi damu limene linamumana chaka chatha. Muloleni akabweze chipongwe. Chachikulu achimwene a ku Kawale imbani lero ku Chelinda mufunse damu liti mwa atatu aja likugwirika nsomba pano, ndi za chiphaso chowedzera. Musadalire zomwe munaona chaka chatha. Dizilo mudzadzitse ku Mzuzu kapena ku Rumphi, kumtunda kulibe pothira. Ndipo gonani ku Mzuzu Lachinayi, musakwere phiri lija usiku.

Mayi wa Maulendo (Area 47), 07:21

Chabwino. Ndiye mtengo muwerengere masiku awiri a pa msewu, abwana asadzadabwe. Ndipo mdalayo mumuuziretu poyera kuti nsomba simulonjeza, mukulonjeza kumufikitsa pa madzi nthawi yoyenera.

Gogo wa Mbedza, 07:40

Ndaiwala chimodzi. Tenga pulayala ufinye kaminga kobwerera m'mbuyo pa mbedza iliyonse. Nsomba imavuka msanga osang'ambika kamwa, ndipo ikakola munthu imatuluka popanda mpeni. Chipatala kumeneko chili kutali. Nonse muvale magalasi ndi zipewa. Pogwira nsomba nyowetsani manja kaye.

Madzulo mphepo ikadeka mudzaona timizere tozungulira pamwamba ngati mvula ikuwaza. Ndi tizilombo tangati nkhungu za ku nyanja zija zimaoneka ngati utsi ku Nkhata Bay, tikutuluka m'madzi. Nthawi imeneyo yokha ndi pamene timanthenga take topepuka tija tigwire ntchito. Mvula yoyamba itati yakupezani komweko ngumbi nkutuluka, ndiye mwalemera.

Wa Land Cruiser (Kawale), Lolemba lotsatira 13:26

Akuluakulu, tatsika, ndili pa Rumphi pomwe netiweki yabwerera. Loweruka ndinamudzutsa 4:30, akung'ung'udza, chifunga chili tolo, zala zosapindika ndi chisanu. Madzi pamwamba anali 14. Tinayamba kumene kamtsinje kamalowera, popanda kanthu. Dzuwa litatuluka tinasamukira kukhoma. Pa 5 ayi, pa 10 ayi, pa 15 ayi. Mdala anayamba kukoka ndisanamalize kuwerenga, ndinachita kumugwira dzanja. Pa 20 chingwe chinangoti gwa, ndodo nkupindika. Nsomba inalumpha kawiri, mzere wofiirira wa m'nthiti uja ukuoneka bwinobwino. Kutalika kwake kuchokera pa chigongono changa kufika pa zala. Tinaijambula ili mu ukonde m'madzi momwemo nkuibwezera. Yachiwiri inabwera pa 20 pomwepo, yachitatu inadula nayiloni pa mfundo imene ndinamanga ine, ndavomera kulakwa.

Masana kachipangizo kanafika 21, tinapinda ndodo nkupita kukaona mbidzi. Lamulungu m'mamawa inagwidwa imodzi yokha, kumbali kumene mphepo imamenya, ndiye achimwene a ku Rumphi theka lanu lija tengani. Zonse zagwidwa ndi ya nkhanga ya ku Chilinde. Mbedza imodzi inakola chipewa changa pamwamba pa khutu penipeni.

Achimwene a ku Rumphi, 13:33

Muli pa Rumphi osandiuza? Dikirani pompo ndikubwera, pali thumba la khofi loti mukapatse Gogo.

Gogo wa Mbedza, 13:58

Mfundo ya nayiloni uziinyowetsa ndi malovu usanakoke, ikauma imapsa nkuduka. Udzabwere ndidzakuonetsenso. Pulayala yanga usaiiwale m'galimoto, ndipo mbedza zotsalazo mdalayo asapite nazo ku Germany zonse, undisiyireko ziwiri.