Amayi akufuna kudzala ndi mvula yoyamba, ine ndikuopa El Niño

Abale anga a pa gulu pano, ndithandizeni nzeru. Ine ndimagwira ntchito ku Lilongwe koma munda wathu wa maekala awiri uli ku Phalula, m'boma la Balaka, ndipo amayang'anira ndi amayi. Nthambi yoona zanyengo yalengeza kuti dzinja la 2023/24 kuli El Niño, kutanthauza kuti kumwerako mvula ikhoza kuchepa. Nditawaimbira amayi, anangoseka. Akuti mmene kwatenthera Okutobala uno mvula ikubwera yambiri, ndipo za pa wailesi n'za anthu a m'tauni.

Chikundiopsa ndi 2016. Chaka chimenecho tinadzala ndi mvula yoyamba, chimanga chinamera bwino mpaka kufika m'mawondo, kenako ng'amba ya masabata atatu. Masamba anapiringizika ngati a anyezi, feteleza yense amene tinathira anangopsera m'nthaka. Tinakolola matumba atatu okha. Chaka chino namondwe wa Freddy watikokololera kale mizere ya kumunsi. Ndalama ndili nazo zogulira mbewu ndi thumba limodzi la feteleza basi, sindingabwereze kawiri. Ndigule mbewu yanji? Nanga tidzale liti?

Mlimi wa ku Utale: Achimwene, mvula ya chizimalupsa musadzale nayo, imeneyo ndi yongozimitsa fumbi. Dikirani igwe masiku awiri kapena atatu, mukumbe ndi khasu, ngati chinyezi chalowa kupitirira chikhatho ndiye dzalani. Mbewu gulani yocha msanga ngati Kanyani. Yochedwa kucha ku Balaka chaka ngati chino ndi kutchova juga.

Mayi wa ku Ntcheu: Osaika maekala onse awiri ku chimanga. Theka la ekala ikani mapira, nandolo dzalani pakati pa chimanga, mbatata m'mphepete. Ife 2016 tinapulumukira mbatata ndi nandolo pomwe anzathu ankagona pa mzere ku Admarc. Mapesi a chaka chatha asawotche, awayale m'munda asunge chinyezi.

Mphunzitsi wa ku Karonga: Ndiwonjezere pang'ono. El Niño ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific, ndipo nthawi zambiri kumachepetsa mvula kumwera kwa Africa pomwe ife a kumpoto nthawi zina timalandira yochuluka. Ulosi wa dzinja lonse umanena za kuchuluka kwa mvula, koma suuza tsiku limene ng'amba iyambe m'mudzi mwanu. Muzitsatiranso ulosi wa masiku ochepa umene amaulutsa pafupipafupi. Mu 2016 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi, anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya, ndiye mantha anuwo ndi omveka.

Mlimi wa ku Utale: Ndinaiwala feteleza. Musathire yense kamodzi. Sakanizani ndi manyowa, ndipo wobereketsa dikirani nthaka ikhale yonyowa. Mizere muike ngonyeka kuti madzi asathawe.

Wofunsa: Zikomo nonse. Za mapirazo amayi akana kale, akuti mbalame zimawatopetsa ndipo nsima yake adzukulu sadya. Loweruka ndikwera basi ndikalankhule nawo pamaso, ndipita ndi Kanyani ndi nandolo. Kodi mbewu ya mapira ndingakaipeze pa Balaka boma, kapena ndigulire konkuno ku Lilongwe?