Lipoti la oyendera zaukhondo pa lesitilanti: tilikhulupirire?

MayiWaMapasa:
Abale ndithandizeni. Lesitilanti ina ya nthambi zambiri yapachika chikalata pakhomo kuti oyendera zaukhondo anaipeza ili bwino. Koma dzulo ndinaona wogulitsa akulandira ndalama, kenako n'kugwira nkhuku yokazinga ndi gulovu yomweyo. Mwana wanga wagona akutsegula m'mimba. Chikalata chija chili ndi ntchito?

Wophika_kale:
Pepani mayi. Choyamba onani deti ndi adiresi pachikalatapo. Oyendera amayendera nthambi iliyonse payokha, ndiye ukhondo wa nthambi ina sukhudza inzake ngakhale dzina lili limodzi. Ndipo amalemba zimene apeza tsiku lomwelo basi. Ife kukhitchini timadziwana, tikamva kuti akubwera mpaka kuseri kwa firiji kumakolopedwa. Chimene chimaulula zoona ndi buku la matempirecha. Firiji izikhala pansi pa madigiri 5, chakudya chophika chodikira ogula pamwamba pa 60. Pakati pamenepo mabakiteriya amaswana msanga. Mukapeza lipoti lonse, musataye nthawi ndi za matailosi osweka. Fufuzani ngati nyama yaiwisi imasungidwa pamwamba pa zophika, komanso ngati cholakwa chomwecho chikubwerezedwa chaka ndi chaka.

Namwino_T:
Musafulumire kuloza chala chakudya chadzulo. Salmonella, mtundu wa mabakiteriya otsegula m'mimba, imatha kuyamba kuonekera pakati pa maola 6 ndi masiku 6 munthu atadya, ndiye kumbukiraninso zimene anadya masiku apitawa. Mwanayo muzimupatsa ORS pafupipafupi. Mukaona magazi m'chimbudzi kapena akufooka, thamangirani kuchipatala.

MayiWaMapasa:
Zikomo anamwino, ORS ndayamba kale. Za gulovu zija ndikazinenabe ku ofesi ya zaumoyo, risiti ndasunga.