Malume akufuna kuima pawokha, a chipani akuti tigawa mavoti. Ndiwauze chiyani?

Abale a pagulu pano, ndithandizeni nzeru, mutu wanga waima. Ndine wa ku Ntcheu, dera sinditchula chifukwa ena mwa inu mungawazindikire amene ndikunena. Malume anga enieni, alongo awo a mayi, anapikisana nawo pa chisankho cha chipulula cha chipani chathu, kufuna uphungu. Tsikulo ndinalipo. Tinafola pa bwalo la mpira la pasukulu, aliyense kumbuyo kwa munthu wake, ndipo mzere wa malume unakafika ku zigoli mpaka kukhota. Dzuwa litapendeka kunabwera malole awiri odzaza anthu amene sitinawaonepo m'makomiti mwathu. Anawatsitsa, kuwaimika kumbuyo kwa mnzawo amene ankapikisana naye, owerenga n'kuyambiranso kuwerenga. Basi, malume agwa.

Tsopano akuti aima pawokha. Pakhomo sipakutha anthu, wina wanyamula ndowa ya kachewere, wina tambala kukhwapa, onse mawu ndi amodzi, akuti imani bwana, tili pambuyo panu. Koma Lachiwiri usiku kunabwera akuluakulu atatu a chipani ochokera ku boma. Ine ndi amene ndinawapatsa madzi osamba m'manja, ndiye ndinamva zonse. Anati malume akaima mavoti a chipani agawika pawiri, mpando upita kwa a chipani chinacho, ndipo mlandu udzakhala wawo. Anawalonjeza udindo wina chipani chikadzalowa m'boma. Zapakamwa chabe, pepala panalibe.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti anthu amenewa anatibera, inde, koma ndikuona ngati pa nkhani yogawa mavotiyi sakunama. Malume ndi amene anandilipirira fizi kuyambira Fomu 1 mpaka kumaliza, ndipo akufuna ine ndiyang'anire mamonita awo. Kwathu kuno mwana wa mlongo sauza malume kuti mwalakwa anthu akumva. Ndiwauze kuti abwerere m'mbuyo, kapena ndingovala zilimbe?

Mphunzitsi wa ku Linthipe:
Achemwali, musawerenge anthu a pakhonde, werengani mavoti. Lamulo la 50+1 limene khoti linagamula pa 3 February 2020 ndi la pulezidenti yekha. Pa uphungu palibe kubwereza, amene waposa anzake ngakhale ndi voti imodzi watenga mpando. Kumbukirani za 2019: a Mutharika anapeza 38 pa 100, a Chakwera 35, a Chilima 20. A Chakwera ndi a Chilima ataphatikizana mu 2020 anakwera kufika pafupifupi 59. Ndiye kugawa mavoti si nthano ayi. Pezani zotsatira za dera lanu za chisankho chapita, senta ndi senta. Tinene kuti chipani chanu chinapeza 70 pa 100, chinacho 20. Pamenepo gawanani mmene mungathere, mpando sutuluka pakati pa malume ndi mnzawoyo. Koma ngati zinali 45 kwa 40, akuluakulu ajawo akunena zoona ngakhale ali akuba. Funso lina ndi ili: amene akubweretsa atambalawo kale ankavotera ndani? Ngati onse ndi a chipani chanu, malume akungotapa m'nkhokwe imodzi ndi mnzawoyo.

Wa ku Tsangano:
Aphunzitsi mwanena bwino, koma mwasiya mbali ina. Mu 2019 momwemo oima pawokha anatenga mipando 55 mwa mipando 193, kufanana ndi MCP yonse. Ochuluka ndithu mwa iwo anali anthu ogwa pa chipulula. Ndipo akapambana, chipani chomwe chija chinkawatukwana chimawalandira ndi nthungululu. Nyimbo ya kugawa mavotiyi amaimbira oberedwa okha. Bwanji sanapite kukauza wa malole uja kuti ndiye atule pansi? Ngati amaopa kugawika, akanachititsa chisankho chachilungamo. Malume aime.

Mnyamata wa Dedza ali ku America:
Kuno nkhani yomweyi imavuta pa mipando ya Senate, nyumba yachiwiri ya malamulo, ndipo zipani zimachita masamu osati manyazi. Ku Nebraska mu 2024 a chipani cha Democrat sanaimike munthu wawo, anasiyira malo Dan Osborn woima payekha kuti mavoti otsutsa asamwazike. Anayandikira kwambiri koma Deb Fischer wa chipani cha Republican anapambanabe. Ku Utah mu 2022 anachitanso chimodzimodzi ndi Evan McMullin, naye anagonja kwa Mike Lee. Koma yofanana ndi ya malume anu ndi ya Lisa Murkowski wa ku Alaska mu 2010. Anagwa pa chipulula cha chipani chake, dzina lake silinalembedwe n'komwe pa pepala lovotera, anthu ankachita kulilemba okha ndi cholembera, ndipo anapambana. Chimene chinamuthandiza n'chakuti anakoka mavoti a anthu a mbali zonse, osati a chipani chake chokha. Mfundo ya aphunzitsi ija ndi yomweyo.

Wa ku Tsangano:
Zoona achimwene. Ife Senate yathu anaichotsa m'malamulo mu 2001 isanakhale n'komwe, ndiye nkhondo yonse ili pa mpando umodzi womwewu wa uphungu. N'chifukwa chake aliyense amaukakamira.

Mayi wa ku Bembeke:
Mwanawe, ine amuna anga anaimapo pawokha pa ukhansala, ndikuuze zimene anzathuwa sakunena. Wa chipani amapeza nsalu, chizindikiro chodziwika kale ndi mamonita. Woima payekha zonse zimachoka m'thumba mwake, ndipo agogo a kumudzi uyenera kuwaphunzitsa chizindikiro chatsopano khomo ndi khomo, chifukwa dzanja lawo linazolowera kuchonga pamene limachonga. Ife tinagulitsa ng'ombe ziwiri. Tsiku lovota mamonita ena anathawa masana chifukwa tinalibe chowadyetsa, mavoti n'kuwerengedwa usiku popanda wathu. Za udindo wolonjezedwawo iwalani, mawu a usiku mbandakucha sawadziwa. Ndipo malume ako usawauze wekha. Pita kwa mayi ako, mlongo wawo ndi amene angawaitanire kuseri n'kuwauza zowawa popanda kuwachotsa ulemu.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Amayi a ku Bembeke mwandikhudza, chifukwa dzulo lomweli ndamva malume akufunsa mtengo wa ngolo yawo, ndipo ngoloyo ndi imene imatutira kachewere kupita ku Lizulu. Ndalankhula ndi mayi, avomera kuti Loweruka tikhale pansi atatu, koma akuti ndibwere ndi manambala osati misozi. Vuto ndi lakuti malire a madera anasinthidwa, masenta ena amene malume ali ndi anthu ambiri kale anali dera lina. Aphunzitsi a ku Linthipe, zotsatira za senta ndi senta zija ndikazifunse ku ofesi ya MEC ya pa boma, kapena zimapezeka pa intaneti? Ndili ndi masiku atatu okha.