Zilembo za ku Sri Lanka zikungotuluka timabokosi pa kompyuta

WapaKamuzuRoad:
Abale ndithandizeni. Ndili ndi kashopu kotaipa ndi fotokope pano pa Kamuzu Road, ndiye dzulo kunabwera bambo wina wa ku Sri Lanka amene akugona ku Senga Bay ndi kalata pa fulashi kuti ndiwapulintire, nditatsegula pa Word mwangodzaza timabokosi tokhatokha, chonsecho pafoni pawo zilembo zawo zija zozungulira ngati mphete zikuoneka bwinobwino. Akuti pamwamba ndi Sinhala, pansi Tamil. Ndi vairasi kapena? Nanga kalata imodzi zilankhulo ziwiri bwanji?

Kamnyamata_ka_IT:
Si vairasi achimwene, mulibe font yake basi. Dawunilodani Noto Sans Sinhala ndi Noto Sans Tamil, nzaulere. Timabokosi ndi nkhani yabwino chifukwa ndiye kuti analemba mu Unicode, ndondomeko ya zilembo yomwe makompyuta amagwirizana padziko lonse, Sinhala inalowamo 1999. Akanalemba ndi mafont akale aja mukanaona ma ABC athu omwewa atasokonekera, ndipo mpaka mutapeza font yomweyo. Ngati bandulo yavuta auzeni aiseve ngati PDF pafoni pomwepo.

MphunzitsiWakuKK:
Za zilankhulo ziwirizo musazione mopepuka, panafa anthu. Mu 1956 boma la Bandaranaike, nduna yaikulu ya Sri Lanka nthawi imeneyo, linakhazikitsa lamulo loti ntchito zaboma zonse ziziyenda mu Sinhala yokha, Mtamil wa muofesi aphunzire Sinhala apo ayi ntchito yavuta, 1958 kunabuka zipolowe, kenako nkhondo yapachiweniweni kuyambira 1983 mpaka 2009. Sindikunena kuti chilankhulo chokha ndicho chinayambitsa nkhondoyo ayi, koma chilonda chinayambira pamenepo. Tamil anadzaivomereza ngati chilankhulo chaboma mu 1987, Chingerezi nkukhala cholumikizira. Ife a Chichewa tisamadabwe anzathu akumpoto akamadandaula za 1968 pomwe Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ine ndinaphunzitsapo cha ku Dwambazi, ana a Chitonga sitandade 1 ankangondiyang'ana pakamwa.

Nachisale22:
Aphunzitsi mwatipititsatu kutali kkkk. Koma mukudziwa kuti Sinhala ndi Chichewa zinalowa tsiku limodzi mu Google Translate mu 2014? Iwo mpaka ali ndi kiyibodi yawoyawo ya Wijesekara, ife ka ŵ kamodzi komweka timachita kukopa pa intaneti, ena tinangokasiya.

WapaKamuzuRoad:
Zatheka ndi PDF ija, abwera mmawa uno magetsi atangoyaka. Ndinagwira pepala chadodolido osadziwa, mpaka anachita kunditembenuzira okha.