Makonekishoni a libvirt sakutsekeka ngakhale kapulogalamu kakuitana close()

Wofunsa:
Anzanga a ntchito, ndikupempha nzeru zanu. Ndimayang'anira maseva awiri amene amayendetsa ma VM (makompyuta oyerekezera amene amayenda mkati mwa seva) pogwiritsa ntchito KVM ndi libvirt (mapulogalamu oyendetsera ndi kuyang'anira ma VM pa Linux), ndipo ndinalemba kapulogalamu ka Python kamene mphindi iliyonse kamatsegula konekishoni ku virtqemud (pulogalamu ya libvirt imene imalandira makonekishoni pa seva), kamawerenga mmene VM iliyonse ikudyera memory ndi CPU, kenako kamaitana close(). Pakapita maola angapo kamagwa ndi uthenga wakuti "Too many open files", chifukwa kamafika pa malire a mafayilo 1024. Ndikalemba virt-admin client-list virtqemud ndimaona mndandanda wa makasitomala ukutalika mphindi iliyonse, ndipo onsewo ndi kapulogalamu kanga komweko. Kodi pali njira yoti libvirt izichotsa yokha makonekishoni akanthawiwa?

Woyankha woyamba:
Achimwene, yambani mwaona keepalive (mauthenga amene seva imatumiza poona ngati kasitomala akadalipo) mu virtqemud.conf. Ngati simunasinthe kalikonse, keepalive_interval imakhala 5 ndipo keepalive_count imakhalanso 5, kutanthauza kuti kasitomala akakhala chete osayankha, seva imamudula pakatha pafupifupi masekondi 30. Mwina wina anaizimitsa poika -1. Poyembekezera, mukhoza kukweza LimitNOFILE (malire a mafayilo otsegulidwa nthawi imodzi) mu systemd kuti kapulogalamuko kasamagwe usiku.

Woyankha wachiwiri:
Ndikupempha kusiyana maganizo ndi mnzathuyu, ngakhale manambala amene watchula ndi olondola. Keepalive inapangidwa kuti izizindikira kasitomala amene wafa kapena amene netiweki yake yaduka, osati kasitomala wamoyo amene waiwala kutseka pakhomo. Komanso seva imatumiza mauthenga a keepalive kwa kasitomala yekhayo amene wanena kuti atha kuwayankha, ndipo zimenezi zimafuna kuti pulogalamuyo ikhale italembetsa event loop (gawo limene limazungulira kudikira mauthenga ndi kuwayankha) isanatsegule konekishoni. Timapulogalamu tambiri tating'ono sitichita zimenezo.

Chinanso n'chakuti inu mukulumikiza pa soketi ya mu seva momwemo. Pulogalamu ikafa, kernel imatseka mafayilo ake onse nthawi yomweyo, ndipo mndandanda wa virt-admin umayera wokha. Ndiye ngati makonekishoniwo akuunjikana, mwini wake ali moyo ndipo akuwagwirabe ndi dzanja lake. Kukweza malire a mafayilo kungochedwetsa tsiku la vuto, ndipo tsikulo likadzafika lidzakhala loipa kuposa lero, chifukwa mudzakafika pa max_clients (malire a makasitomala amene seva imalola nthawi imodzi), imene mwachizolowezi ndi 5000. Pamenepo seva imaleka kulandira aliyense watsopano, ndipo ngakhale virsh yanu idzangoima duu osayankha pa nthawi imene mukuifunitsitsa.

Ndili ndi funso limodzi lokha. Kodi close() akamaliza amabweza nambala yanji?

Wofunsa:
Kunena zoona sindinayang'anepo, ndinkaona ngati akangoitanidwa ndiye kuti nkhani yatha. Ndaisindikiza tsopano ndipo ikubwera 1 pa maseva onse awiri. 

Woyankha wachiwiri:
Basi, vuto lagona pamenepo. Ntchito ya virConnectClose, imene close() amaitana mkati mwa libvirt, si kudula soketi mwachindunji, koma kuchotsa chimodzi pa chiwerengero cha zinthu zimene zagwira konekishoniyo. Ikabweza 0 ndiye kuti palibenso chogwira ndipo soketi yatsekedwa, ikabweza -1 pali cholakwika, koma ikabweza nambala yoposa 0 ndiye kuti pali zinthu zina zimene zikadali moyo ndipo zikuidalira. Domain object iliyonse (chinthu choimira VM imodzi mu pulogalamu) imene mumalandira kuchokera ku listAllDomains() imagwira konekishoni imene inaibala, ndipo siisiya mpaka object-yo itamasulidwa. Mu C mumaitana virDomainFree nokha, pamene mu Python imamasulidwa pokhapokha ngati palibenso malo ena amene akuisunga. Fufuzani bwino pamene mumasunga zotsatira za mphindi iliyonse.

Wofunsa:
Ndapapeza. Ndili ndi mndandanda wosungiramo mbiri ya zoyeza, ndipo mzere uliwonse ndinkasunga nthawi, manambala, pamodzi ndi domain object yonse, kuti ndizitha kufunsa dzina la VM pambuyo pake. Choncho mzere uliwonse wa mbiri unkakoka konekishoni yake kumbuyo. Ndasintha kuti ndizisunga dzina ndi UUID basi.

Woyankha wachitatu:
Mwachita bwino, koma ine ndingapite patsogolo pang'ono. Kapulogalamu kamene kamakhala koyaka tsiku lonse sikafunika kutsegula konekishoni yatsopano mphindi iliyonse. Tsegulani imodzi poyamba, lembetsani event loop ndi virEventRegisterDefaultImpl musanatsegule, ipatseni thread yakeyake yoti izizungulira, ndipo gwiritsani ntchito registerCloseCallback kuti mudziwe konekishoni ikaduka n'kutsegulanso ina. Samalani pa mfundo imodzi: mukalembetsa event loop koma osaiyendetsa, seva idzatumiza keepalive, simudzayankha, ndipo idzakudulani pakatha theka la mphindi. Ndinatayapo tsiku lathunthu pa cholakwika chimenechi, ndikuganiza kuti netiweki ndi imene yavuta.

Ndikuchenjezaninso za njira imene ena amaikonda, yolemba cron (ntchito yodziyendetsa yokha pa nthawi zoikika) yoti izidula makasitomala akale ndi virt-admin client-disconnect. Lamuloli ndi lothandiza pa ngozi, koma silidziwa kuti kasitomala wakaleyo ndi woiwalika kapena ali pakati posamutsa VM kupita pa seva ina.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndatsatira njira ya konekishoni imodzi, ndaika close() mkati mwa finally, ndipo tsopano kapulogalamu kamalemba chenjezo mu log ngati nambala yobwezedwa si 0. Kuyambira dzulo madzulo client-list ikuonetsa kasitomala mmodzi yekha pa seva iliyonse, ndipo chiwerengero cha mafayilo mu /proc sichinasunthe. LimitNOFILE ndaisiya mmene inalili kuti vuto lotere likadzabweranso lidzaonekere msanga.