Zootchera nyama zachuluka pakhomo, mayi akunyumba sakusangalala, nditani?

Admin ndibiseni dzina chonde. Abale anga ndithandizeni maganizo. Ine ndimakonda kuotcha nyama kwambiri moti pano zootchera ndili nazo zinayi, ndinayamba ndi Weber yozungulira ija ya makala ya 57 cm, kenako ya gasi yoti ukaweruka kuntchito mphindi 10 yatentha kale, kenako smoker ya bokosi la moto pambali, ndiye mwezi wathawu ndabweretsa kamado, chootchera chadothi chokhala ndi chivindikiro. Kwa ine chilichonse chili ndi ntchito yake, smoker imafuna moto wofatsa, madigiri 110 mpaka 120 basi, nyama imakhalamo maola ambiri mpaka kufewa yokha, pomwe kamado imasunga kutentha chifukwa dothi lake ndi lochindikala ndiye makala sapita ambiri. Koma mayi akuti zonsezi ndi chinthu chimodzi, pakhonde palibenso pokhala, zovala akayanika zikumanunkha utsi, ndipo chawapweteka kwambiri n'choti Loweruka lonse ndimathera pamoto iwo ali okhaokha m'nyumba. Mayiwa ndimawakonda, sindikufuna tiyambane chifukwa cha zitsulo, komanso zogulitsa mtima ukukana. Amene munadutsamo munatani?

— Achimwene yankho mwalemba nokha, nkhani ndi Loweruka limenelo. Olo mutatsala ndi chimodzi koma tsiku lonse muli panja adzadandaulabe. Loweruka lina musayatse moto, muwafunse komwe akufuna kupita.

— Ine ndine mzimayi, bambo akwathu nawonso ndi omwewo. Chimanditopetsa ine si utsi ayi, ndi waya wamafuta uja kumupeza musinki m'mawa mafuta atagwirana, phulusa lili mbwee pakhonde, alendo adya ayamikira bambo koma wotsuka ndine. Tinakhala pansi n'kugwirizana kuti wootcha ndi amene amatsuka, ndipo chatsopano chikalowa china chituluke. Funso langa kwa inu bambo, kamadoyo munawauza musanagule kapena anangoiona ikutsitsidwa m'galimoto?

— Akulu smoker ikhoza kupita osadandaula. Pa Weber pomwepo ikani makala mbali imodzi nyama mbali inayo, vindikirani, chepetsani timabowo ta mpweya, muponyemo kachikuni kouma, ntchito ndi yomweyo, ndipo kamado imachitanso zimenezo bwino kwambiri. Zotsalazo muzisunthire kutali ndi chingwe choyanikira zovala n'kuziphimba zisachite dzimbiri. Koma chonde musaganize zoyatsira m'galaja pofuna kupereka malo pakhonde, makala amatulutsa mpweya woopsa wotchedwa carbon monoxide, sumveka fungo koma umapha anthu.

— Osagulitsa mwaphuma, afunseni kaye chomwe chikuwasowetsa mtendere kwenikweni, mwina iwo akungofuna khonde lawo libwerere.

Mwini funso: Zikomo nonse. Mayi mwafunsa za kamado, madzulo ano tikambirana zimenezo pamodzi ndi za Loweruka. Akulu a Weber aja, makala ake mumawonjezera pakapita nthawi yaitali bwanji kuti moto usatsike?