Pentax K1000: ndikonzetse kapena ndigule ina?

Wa ku Rosettenville: Akuluakulu, kamera yanga ya filimu ya Pentax K1000 ikutulutsa zithunzi zamizere yofiira, ndipo pa liwiro la 1/1000 ya sekondi mbali imodzi ya chithunzi ikuda. Ndikonzetse kapena ndisake ina?

Wa ku Yeoville: Mizere yofiirayo ndi kuwala kolowera pachitseko chakumbuyo, siponji ya m'mphepete yasanduka phala. Palani ndi kamtengo konyowetsa mu sipiriti ya isopropyl, mumatepo ina ya mamilimita 1 mpaka 1.5, makamaka pahinji. Nsalu ya shutter, yomwe imatseguka kuti kuwala kufike pafilimu, musaikhudze.

Wa ku Turffontein: Kuda kwa mbali imodziko ndi vuto lina, achimwene. Mafuta adauma, ndiye pa nsalu ziwiri za shutter, yachiwiri ikupeza yoyamba isanafike kumapeto; fumbi la kuno ku Joni nyengo yozizira limawonjezera. Pamenepo mpofunika mmisiri atsuke, athire mafuta atsopano, achune liwiro. Mafuta opopera a WD-40 ayi ndithu, amayenderera mpaka pansalu. Konzetsani basi. Kamerayi njamakina, batire ya LR44 imangoyendetsa mita yoyezera kuwala, ndipo ina yogula pa Facebook mudzaipezanso siponji itatha.

Wa ku Berea: Musanalipire, chotsani lenzi musuzumire mu viewfinder, kawindo koyang'anira pojambula. Mukaona mzere wakuda wosachoka, prism, galasi la m'kati mwa viewfinder, yadyeka. Apo funsani kaye mtengo; ukaposa wa kamera yoyesedwa kale, gulani inayo, lenzi musunge.